Maluwa a Mayi Jasbir

Kilachi ya galimoto inafa atangodutsa tawuni ya Ropar. A Tarlochan anaponda monga ankapondera zaka makumi awiri zonsezi, panamveka kuti thaphu, chopondera n'kumira mpaka pansi. Anachikoka ndi nsonga ya nsapato, chinabwera, n'kugwanso chokha. Anakhotera kumbali kwa msewu, injini n'kuzima.

Anayang'ana pambali, manja ali pachiwongolero. Pampando wa kumanzere panali kathumba ka nsalu yoyera. M'menemo munali akazi awo, mayi Jasbir: mafupa ndi phulusa zotsala pamoto wowotchera mtembo, zija anthu a kumeneko amazitcha maluwa. Maluwa salowa m'nyumba ya munthu, komanso sathiridwa mumtsinje dzuwa litalowa. Abale anali atapangana zopita onse mawa pabasi, koma a Tarlochan anali atatopa ndi kugwidwa mapewa ndi anthu opepesa. Anakamasula kathumbako pamtengo pomwe kanagona, n'kunyamuka okha. Tsopano inali 4 koloko, mu Januwale, ndipo kumtsinje kunatsala makilomita makumi atatu.

Kutsidya kwa msewu kunali kashedi ka malata kozingidwa ndi matayala akutha. Kunatuluka munthu wonenepa, akukukuta mtedza, dzina lake litalembedwa ndi penti pakhomo: Bagga, makaniko.

"Achikulire, galimoto iyi munagula kapena munaifukula?"

"Kilachi," anatero a Tarlochan.

Bagga anatsegula boneti, n'kulowetsa mkono mpaka m'phewa. Anasolola waya wakuda, kunsonga kwake kuli nyankhalala.

"Waya wadukira pamutu penipeni. Taonani, ngati ndevu zanga. Simunkamva kuti ikulimba?"

"Inayamba chaka chatha."

"Chaka chatha! Ndiye munkadikira kuti ikulembereni kalata?"

Mayi Jasbir ndiwo anayamba kumva kulira kwa kilachiyo, tsiku lina akupita kuchipatala. Kenaka maulendo a kuchipatala anachuluka, ndipo galimoto sinkapeza tsiku logona kugalaja.

"Waya wa mtundu uwu anasiya n'kugulitsa komwe," anatero Bagga, mutu uli m'boneti. "Ndikafunse kwa ophwasula magalimoto. Mawa, mwina mkuja."

"Ndiyenera kufika lero. Ndanyamula maluwa."

Unali mwezi wa maukwati, ndipo chiyambire m'mawa magalimoto okongoletsedwa ankangodutsa pamsewupo. Bagga anaseka osadzutsa mutu.

"Maluwa! Ukwati wa ndani? Musandiuze kuti ndi wanu. Madala a masiku ano simugona! Mayi akunyumba akudziwa zimenezi?"

"Ali m'galimotomo."

Bagga anaweramuka, akumwetulirabe, n'kusuzumira pawindo kuti apereke moni. Anaona kathumbako. Anataya mtedza wotsala m'dzanja, n'kufunda kumutu kansanza kake kamafuta, monga mwa mwambo wopereka ulemu.

A Tarlochan anamuyang'ana. Anadikira kuti mwina apsa mtima, kapena amumvera chisoni. Zonse ziwiri sizinabwere. Anangoona kuti kansanzako kamuthimbiriritsa pachipumi.

"Pakamwa pangapa, achikulire…"

"Konzani waya."

Bagga anabwerera kuboneti. Anapinda nsonga yodukayo, n'kuifinya pakati pa mawashala awiri ndi bawuti. "Pondani." Inagwira. "Pondaninso." Kachitatu waya unapulumuka. Anayesanso, koma unali utafupika, sunkafikanso. Dzuwa linali litatsikira pamwamba pa mitengo ya bulugamu.

"Batire lili bwino?"

"Silimbika kwenikweni."

"Mphamvu yoliza kamodzi ilipo? Basi. Pitani mbali inayo, muwanyamule mayi. Ndiyendetsa ine."

"Popanda kilachi?"

"Kilachi ndi ya anthu osamva. Injini imanena yokha nthawi yosintha."

Anaika giya yoyamba injini ili chizimire, n'kupotokola kiyi. Galimoto inadumpha ngati chule, kawiri, katatu, n'kulira. Bagga anapendeka mutu akumvetsera, anachotsa phazi pamoto, n'kukankha giya ndi zala ziwiri. Inalowa yachiwiri mwakachetechete. Yachitatu inakukuta pang'ono.

"Chachikulu tisaime. Tikaima tagona pomwepo."

A Tarlochan anakhazika kathumbako pamiyendo. Kanali kopepuka kuposa mpunga wa sabata imodzi. Ankaona minda ya mpiru ikudutsa, yachikasu, ndi zikwangwani za sukulu zophunzitsa Chingelezi. Ankawerenga chilichonse mpaka nambala za foni.

Pa kamsika kena thirakitala yodzaza nzimbe inapingasa msewu. Bagga anatsitsa giya, galimoto ikunjenjemera, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Choka iwe, mwana wa bulu! Msewu ndi wa agogo ako?" Anadutsira m'mbali, matayala awiri ali m'fumbi. Kenaka anatembenukira kukathumba kaja. "Pepani, mayi."

"Ankanena zoposa pamenepo," anatero a Tarlochan.

Bagga anafuna kuseka, n'kudzigwira.

Anafika kumtsinje dzuwa litafiira koma likuonekabe. Pomwe msewu unathera Bagga anachotsa giya, n'kuponda buleki, n'kuzimitsa. A Tarlochan anavula nsapato, n'kutsika masitepe opita kumadzi. Simenti inkazizira. Panali mabanja ena awiri, akugwirana, akulira. A Tarlochan anaima pambali, ananena pemphero lonse osalumpha liwu, n'kumasula mfundo. Zolemera zinamira pomwepo. Phulusa linayandama pang'ono, madzi n'kulitenga. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Anaimabe, poganiza kuti munthu sayenera kuchoka msanga chotero, mpaka mapazi anachita dzanzi. Anasamba m'manja, n'kukwera.

Anapeza Bagga ataima pafupi ndi galimoto, maso ali pansi.

"Zatheka?"

"Zatheka."

"Ndiye pali kavuto, achikulire. Galimoto yayang'ana kumtsinje, ndipo batire silingatilizire kawiri. Tiyambe taitembenuza pamanja."

A Tarlochan anavala nsapato, anamanga zingwe zonse ziwiri, n'kupita kutsogolo kwa galimoto. Anaika manja paboneti. Inali ikadali yofunda.

"Ndikati kankhani, mukankhe," anatero Bagga.