Galu wa m'khola lachitatu

Chaka chimene ndinamaliza kalasi ya sikisi, nkhondo inayandikira Milange. Anthu ankathawira ku Muloza n'kusiya agalu awo. Amalume anga a Damião, amene anaphunzira za matenda a ziweto, ankawatola n'kuwasunga m'makola akale a mbuzi. Katemera anali atatha kalekale, zilonda ankatsuka ndi madzi amchere basi.

Tsiku lina galu wofiira wa m'khola lachitatu analuma mwana wa a Cândido, aneba athu. Bamboyo anabwera ndi chibonga.

"Tulutsani galuyo, a Damião. Ali ndi chiwewe."

"Mukamupha mudziwa bwanji?" anafunsa amalume. "Mutu wake tikaupimitsa kuti? Msewu wa ku Mocuba sukuyendeka. Akhale masiku khumi. Akamadya n'kumamwa madzi, mwana wanu ali bwino. Akadwala, tiwoloka mtsinje wa Ruo ndi mwanayo kukafuna jakisoni."

"Anthu akufa kutchireku, inu mukuphikira agalu phala."

"Ndiwaphikira. Sadandaula za mchere ngati inu."

Chimene onsewo sankadziwa n'chakuti dzulo lake galu yemweyo anandiluma ineyo pantchafu, ndikumuchotsa nkhupakupa. Ndinabisa. Malo amenewo sindikanaonetsa amalume, komanso ndinkaopa kuti anthu akamva kuti waluma awiri, sadikiranso. Choncho yankho la masiku khumiwo linali langanso.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi amalume anaitanidwa kukaona ng'ombe yodwala. A Cândido anabweranso, ndi anzawo awiri. Ine, amene ndinkapereka moni ndikuyang'ana pansi, ndinakakhala pakhomo pa khola.

"Choka apo, Januária."

"Ayi, bambo. Kwatsala masiku anayi."

"Iwe zikukukhudza chiyani?"

Ndinangokweza chitenje mpaka bala linaoneka, lotupa, mano anayi. Azibambo atatu aja anatembenuza nkhope nthawi imodzi.

"Mukamupha, ineyo ndi mwana wanu tikhala osadziwa," ndinatero. "Sindichoka."

Anabwerera kwawo.

Amalume atamva anandikalipira mpaka ndinalira, n'kuitana amayi kuti atsuke balalo. Tsiku la khumi galuyo anamaliza phala lonse, anamwa madzi, n'kugona chagada padzuwa. A Cândido anaonera ali kunja kwa mpanda. Mpaka lero sandiyankha moni, koma ine ndimawapatsabe, ndikuwayang'ana kumaso.