Mizere Iwiri ya a Choncho

Dzina lawo lenileni linkadziwika ku ofesi kokha. Pasukulu ponse ankangoti a Choncho, chifukwa akamaliza kusova samu pa bolodi ankaponya choko m'mwamba, n'kuchiwakha, n'kufuula kuti, "Choncho!" Anaphunzitsa masamu pa sekondale ya boma imeneyo mpaka imvi kumera.

Mwana wawo wachisamba, mtsikana wa mutu wogwira kwambiri, anali m'kalasi lomaliza pasukulu pomwepo. Nthawi inali itakwana yoti ana a kalasi limenelo asankhe zomwe adzaphunzire akakhoza mayeso, ndipo mtsikanayo anali atayamba kulankhula zoopsa. Ankati mwina uphunzitsi.

"Mwamumva mwana wanu?" anatero akazi awo tsiku lina m'mawa, akusita malaya a amuna awo omwe kolala yake anali ataitembenuza kale. "Ine ndinakwatiwa ndi choko, ndinavomera. Koma mwana wangayu ayi. Ameneyu yekha atuluke."

A Choncho sanatsutse. Akanatsutsa chiyani? Malipiro awo oyamba, ali mnyamata, anagulira njinga yatsopano, nsapato ndi nsalu ya mayi awo, chenji n'kutsala. Njingayo ndi yomwe ankakwerabe. Masiku ano tayala likatha, ankayamba akhala pansi ndi akazi awo n'kukambirana ngati kwagwa maliro. Sikuti malipiro sankakwera ayi. Ankakwera ndithu, ndipo ankalengezedwa pa wailesi kuti aliyense amve. Vuto linali pomwepo! Eni nyumba ankamva, wa golosale ankamva, achibale nawo ankamva n'kuyamba kuimba foni kufunsa za moyo. Ndalamazo pofika zinkakhala zitadyedwa kale.

Nanga kusiya ntchito? Apite kuti munthu wa imvi amene manja ake amangodziwa choko? Anzawo amene anathawa, anathawa miyendo ikadali yolimba. Iwo anatsala, akudziuza chaka ndi chaka kuti zinthu zisintha, ndipo tsopano ankangodikira penshoni. Zinkawawawa, ndipo ankachita nazo manyazi.

Sabata yomweyo ahedi anawaitana. "Lachisanu kubwera alendo kudzalankhula ndi ana za ntchito zosiyanasiyana," anatero. "Namwino abwera, wa ku banki abwera. Za uphunzitsi mulankhula ndinu. Mukawakope anawa, a Choncho. Ntchito yathuyi anthu akuithawa."

Akazi awo atamva anawomba m'manja. "Mpata ndi umenewo, bambo! Kunyumba kuno mwanayu amangoti mukudandaula mwa masiku onse. Mukanene pamaso pa anzake. Musakakometse ayi, mukamuopseze."

A Choncho analonjeza.

Lachisanu masana holo inadzaza. Malata ankatentha, ana ankadzikupiza ndi makope. Namwino analankhula zake, anthu n'kuwomba m'manja mwaulemu. Wa ku banki, wa suti yonyezimira, ankawerenga mawu ake pa foni uku akuliza makiyi a galimoto, ndipo asanafike pakati, gulu la kumbuyo, lija losamva, linali litagona kukamwa kuli yasa. Mtsikana wa a Choncho anakhala pa benchi ya kutsogolo, manja pa mawondo.

Itafika nthawi yawo, a Choncho anapempha kuti awabweretsere bolodi ya miyendo. Ahedi anamwetulira, osadziwa kanthu.

"Ine sindikunamizani," anayamba a Choncho. Pansi pa bolodi, pakona, anaika kadontho. "Apa ndi pomwe ndinayamba ntchito." Kuchokera pa kadonthopo anajambula mzere wokwera pang'onopang'ono, ngati nkhalamba pa chitunda. "Awa ndi malipiro a mphunzitsi." Anabwereranso pa kadonthopo n'kujambula mzere wina wothamangira kumwamba mpaka choko chinatuluka pa bolodi. "Iyi ndi mitengo ya zinthu. Pakati pa mizere iwiriyi ndi pomwe ndimakhala ine ndi banja langa."

Ana anaseka. Kumwetulira kwa ahedi kunazima. A Choncho anayang'ana mwana wawo, ndipo anaona kuti waweramitsa mutu. Mtima unawapweteka, koma anati mumtima, zagwira. Akanangokhala pansi pomwepo, abale, nkhani ikanatha bwino.

Koma kumbuyo kuja wina anadzuka n'kufuula, "Ndiye idzakumana liti mizereyo?"

Mphunzitsi wa masamu kumufunsa funso lotero! A Choncho anatembenuka, maso atawala. "Inu mukuona bwanji?"

"Akadzakukwezerani kwambiri!" anayankha wina.

"Bwera kuno. Tenga choko, undikwezere."

Wofuulayo anabwera akudzikoka, anzake akumukuwiza. Anadumphitsa mzere wapansi uja mpaka unagunda wapamwamba. "Eya, wandikwezera, zikomo bwana," anatero a Choncho akumugwadira, holo n'kufa ndi phwete. "Tsopano pitiriza mizere yonse iwiri mmene imayendera." Mwanayo anapitiriza. Wapansi unayambanso kukwawa, wapamwamba n'kuthawa, mpata uja n'kutsegukanso. Anaima, choko chili m'manja, n'kunena yekha motsitsa, "Aaa! Ndiye nkhani si kudumpha ayi."

"Nkhani ndi chiyani? Musandiuze nonse, mmodzimmodzi!"

Manja anali m'mwamba holo yonse. Ana amene chaka chonse ankati magirafu ndi ufiti ankakanganirana choko. Wina ankati mzerewo usinthe kakweredwe, wina ankatsutsa, wina anakwera pa benchi kuti aone bwino. Namwino anasendeza mpando wake. Ngakhale wa ku banki anaika foni m'thumba. A Choncho anavula jekete, anaiwala kolala yotembenuza ija, anaiwala ahedi, anaiwala lonjezo. Ankayendayenda kutsogoloko thukuta lili kamukamu, akufunsa, akuseka, akukoka yankho m'kamwa mwa mwana mpaka lituluke. Moyo wawo wonse, malo amene ankapumako bwino anali amenewa basi.

Yankho litapezeka, loti nkhani ndi kakweredwe ka mzere, a Choncho sanachite kunena okha. Holo yonse inafuula, "Choncho!"

Anaponya choko m'mwamba mwa chizolowezi. Pamene chinkatsika, maso awo anagwera pa benchi ya kutsogolo. Mwana wawo anali ataimirira, akuwomba m'manja, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wapeza chomwe ankafuna. A Choncho anaiwala kuchiwakha. Choko chinagwa pansi n'kugubuduzika.

Pobwerera kunyumba anayenda wapansi ndi mwana wawo, akukankha njinga, chifukwa tayala lakumbuyo linali litaphwanso. Anadutsa pa golosale, anadutsa pa okonza nsapato. Kenaka mtsikanayo anati, "Ababa, ndasankha."

"Mwana wanga, kodi mizere ija sunaione?"

"Ndaiona."

"Sidzakumana. Wamva? Ine ndayembekezera mpaka imvi izi. Amayi ako atembenuza makolala mpaka zala kuuma. Ukufuna zimenezo?"

"Ndamva bwinobwino, ababa. Aliyense wamva. Ndi zomwe ndikunenazo." Anawagwira mkono. "Wa ku banki uja analankhula, anthu anagona. Inu mwangogwira choko, ngakhale a kumbuyo aja adzuka. Ine ndikufuna ndizidzachita zimenezo."

A Choncho anaimitsa njinga. Anene kuti chiyani, kuti zomwe waona n'zabodza? Sizinali zabodza. Akanatha kunama pa china chilichonse, koma kuphunzitsa moipa sankadziwa, ndipo lero zimenezo zawadyera mwana. Anamva chisoni chachikulu, ndipo pansi pa chisonicho panali kunyada kumene sakanauza munthu.

Akazi awo anali pakhomo, akupukuta manja pa nsalu. Anawaona akubwera n'kufunsa ali patali, "Zayenda?"

"Amayi, mukanawaona ababa lero!" anatero mtsikanayo akuthamangira kwa iwo.

Mayiwo anayang'ana amuna awo: jekete pa phewa, manja oyera mbuu mpaka m'zigongono, maso pansi. Kenaka anayang'ana mwana wawo. Mtsikanayo anapisa m'thumba la yunifolomu, n'kutulutsa kachidutswa ka choko kamene anatola m'holo muja. Anakaponya m'mwamba, n'kukawakha.

Mayiwo anatembenuka. Analowa m'nyumba. A Choncho anatsala panja atagwira njinga yawo.