Ndere za Rafaelo Zakhuta Feteleza

"Wathiramo chiyani, Esitere?"

"Feteleza. Kachitsekerero ka botolo pa mbiya iliyonse, monga timachitira pa phando la chimanga."

"Mayo ine! Wandipha!"

Rafaelo anagwada kuseri kwa khola la nkhumba, pomwe panali mbiya zake zitatu. Ndere zomwe anatunga kudambo zinali zitabiriwira ngati tsamba la mpiru wa kudimba. Zokondwa. Zokhuta. Zopanda ntchito.

Mnyamatayu anamaliza folomu 4 chaka chimene boma linayamba kugawa timatumba ta feteleza, ndipo pa zonse za kusukulu anatolapo mfundo imodzi ya aphunzitsi a sayansi: ndere ukazimana chakudya zimaleka kukula, zimachita chikasu, n'kuyamba kusunga mafuta m'thupi. Mafuta oyendetsa injini! Kuyambira pamenepo ankangolota chigayo cha a Harun ku Lobi chikulira ndi mafuta ake, iye atavala jekete, akupita kwa a Kalisto, amalume ake a Esitere, kukafunsira mbeta. Chimanjamanja sakanapitako. Komanso Rafaelo anali asanamuuze kanthu Esitere mwini wakeyo, ngakhale kutsokomola.

"Zinali zachikasu, Rafaelo," anatero Esitere manja ali m'chiuuno. "Kwathu chinthu chikachita chikasu timachithira feteleza. Ndachita kubera amayi anga feteleza wa m'kathumba kawo, ndiye m'malo mwa zikomo ukundilirira ngati pamaliro?"

"Chikasucho n'chimene ndimafuna! Zimayenera kuvutika!"

"Zinakulakwira chiyani?"

"Sizinalakwe. Zikamva njala zimanona."

Esitere anaseka mpaka nkhumba zinayankhira m'khola. "Njala n'kunonetsa? Bwenzi mudzi wonse uno tili ndi mimba ngati mabwana a m'tauni. Iweyo wakhala osadya bwino chimalizire sukulu, mafuta ako ali kuti? Khosi ngati la nkhuku yonyowa."

Rafaelo anaviika dzanja m'mbiya, nafinya ndere zija mwamphamvu, kuti mwina dontho limodzi lingamumvere chisoni. Munatuluka madzi onunkha dambo, natsikira m'chigongono.

"Ndiyambiranso," anatero. "Ndikatunga zina, ndizimane chakudya mpaka mvula ithe."

"Yambiranso. Koma Samuel wa matimati ku Linthipe uja anabweranso dzulo ndi njinga yake yatsopano. Anakhala pakhonde ndi amalume mpaka tiyi anatha."

"Samuel? Wa mano otalikirana uja?"

"Yemweyo. Sadikira kuti matimati achite chikasu iye."

Mphepo ya kuphiri inawomba, koma Rafaelo anatuluka thukuta. Anaimirira, ndere zili lende pa zala, bondo lili matope okhaokha.

"Esitere, ine zigayo sindizifuna. Ngakhale a Harun sindinawauze n'komwe. Ndimafuna iweyo. Uwauze amalume ako kuti Loweruka ndikubwera ndi atsibweni anga, ndipo Samuel akapezekanso pakhondepo akhale pansi, mpando ndi wanga."