Galasi Loyang'ana Kuphiri

Rosália anatsegula jeleira, firiji yosungiramo katemera pa kachipatala, napisamo dzanja, mtima n'kuti myuu. Munali mutayamba kufunda. Timabotolo ta katemera wa chikuku tinali ndii m'mizere, ndipo Loweruka amayi a ku Chidzolomondo ankayembekezeka kubwera ndi ana kumbuyo, ulendo wa tsiku lathunthu m'njira zokwiriridwa mabomba. Katemera akafunda ndi madzi chabe.

"A Mateus! Mwaitani painelo?"

A Mateus, mlonda wa kachipatalako, bambo wa imvi zawo, anabwera akukanda m'mutu. Painelo inalipo imodzi yokha, galasi lakuda lomwe linkamwa dzuwa n'kudzaza bateriya ya jeleira. Mkangano wa awiriwa pa galasi limeneli unali utatha mwezi. Mmisiri wa ku Tete analisiya litapenya kumpoto, n'kulamula kuti asaligwedeze. Koma Rosália, enfermeira wa pamenepo, namwino wosamva za kuuzidwa, anazindikira kuti akamalitembenuza katatu pa tsiku, lizilondola dzuwa ngati mpendadzuwa, muvi wa pabateriya unkakwera mpaka pobiriwira. Akalisiya chipenyere kumpoto, m'nyengo ya nkhungu ija, muviwo unkangokakamira pakati.

Vuto linali dzuwa likapendeka. Ukalipenyetsa kumadzulo, galasilo linkathwanima molunjika phiri lomwe amfuti ankabisalako.

"Ndangolifunditsa udzu theka, enfermeira," anatero a Mateus. "Theka libisale, theka lidye dzuwa. Mphamvu ya theka siyokwana kodi?"

Ha, masamu abwinobwino ndithu! Koma galasi silidziwa masamu a kumunda. Rosália atapita kukaona, muvi unali gone pofiira. Rosália anasasa udzu wonse, muvi n'kudzuka. Anabwezera kamtolo kamodzi pakona, muvi n'kugweranso pansi.

"Mwaona? Timagalasi ta m'katimu n'tolumikizana ngati ngalande imodzi. Mukatseka pamodzi, dimba lonse lauma."

"Mapanga awiri avumbwitsa," anavomera bamboyo motsitsa mawu. "Koma mayi, ine chipatala cha kwathu ndinachiona chikuyaka ndi maso angawa. Amfuti anachidziwira malata owala."

Rosália ankaopa, ankaopadi. Nanga iye ndani kuti aitanire mudzi wonse moto? Koma m'maganizo ankamuonanso Zefa, mayi amene chaka chatha anaika ana awiri sabata imodzi chifukwa cha chikuku. Wachitatu anali atangokwana miyezi isanu ndi inayi, ndipo Zefa anali atalonjeza kubwera naye Loweruka.

Dzuwa linali litatsala la maola atatu. Galasi litapenya kumadzulo, jeleira ikanazizira mpaka m'mawa. Litapenya kumpoto, kukanacha katemera atafa.

Rosália anagwira m'mphepete mwa painelo.

"Pitani kwanu, a Mateus. Inu simunaone kanthu."

Bamboyo anayang'ana phiri, nayang'ana udzu wawo uli mbwee pansi. Kenaka analavulira m'manja, nagwira mbali inayo.

"Walira mvula walira matope. Kwezani, mayi."

Analitembenuza. Galasi linati ng'ani, phiri lonse kuona. M'chipinda muja jeleira inayamba kung'ung'udza chapansipansi, ndipo awiriwo anakhala pakhonde, maso kuphiri, makutu kujeleira.