Beseni la Mbatata M'mphepete mwa Chithunzi

Kwa zaka makumi anayi ndi zisanu, a Pyo Mal-sun akhala akuuza anthu a m'mudzi wa Solbat kuti iwo anaonekapo mufilimu, ndipo kwa zaka zonsezo anthu akhala akungowayankha kuti "eya, eya," monga timayankhira woledzera kuti atisiye tidutse. Nkhani yake sinali yaitali. Chaka chimene anakwatiwira m'mudzimo, anthu ojambula mafilimu anafika m'tauni tsiku la msika, n'kuuza aliyense kuti azingoyenda ngati palibe chikuchitika. A Mal-sun anali atasenza beseni la mbatata, ataima pansi pa chikwangwani cha wogulitsa mafuta a chitowe, ndipo makina ojambulira anawalozadi. Filimuyo itatuluka anakaionera m'holo ya m'tauni, pa chinsalu chotambalala ngati khoma la sukulu, ndipo anadziona bwinobwino. Tsoka lake, tsikulo anapita okha, ndipo holoyo inagwetsedwa kalekale.

Pa zaka zonsezo filimuyo inaonetsedwa katatu pa wailesi ya kanema. Katatu konseko mudzi unadzazana kutsogolo kwa kabokosi kakang'ono ka makona anayi, msika uja unafika, anthu anatong'ola maso, koma a Mal-sun ndi beseni lawo osaoneka. Kuyambira ulendo wachitatu anthu anawapatsa dzina loti a Katswiri. Ankaseka nawo akamaitanidwa choncho, koma kunena zoona zinkawawawa. Munthu amene sanabepo ngakhale singano, kumayesedwa wabodza ndi mudzi wonse, mpaka ndi adzukulu ake omwe!

Wotsutsa wamkulu anali a Ok Jeom-rye, mnzawo wa khomo loyandikana, amene anakwatiwira m'mudzimo chaka chomwecho. Awiriwa ankathandizana kutsuka kabichi ndi kupaka tsabola nyengo yokonza kimchi, ndiwo ya kabichi wosasitsa, ankaperekezana kuchipatala, koma nkhani ya filimu ikangotuluka a Jeom-rye ankadumphira ngati apondedwa chala.

"Iwe Make Yong-ho, unalota basi," ankatero. "Tsiku limenelo unadya mbatata zambiri, n'kugona pamthunzi."

Chaka chino, nyengo yozizira itangoyamba, boma linagawira nyumba zochezera okalamba makanema atsopano, ndipo Solbat inalandira yake. Chinali chisikirini chachikulu ngati chitseko chogonekedwa cham'mbali. Anyamata a kampani anachikhoma m'mwamba kuti chiyang'anane ndi sofa, osadziwa kuti ku Solbat sofa si yokhalapo. Anthu amakhala pansi pamene pamafunda ndi mapaipi a madzi otentha, sofayo n'kungotsamirapo msana. Patatha sabata, theka la okalamba linali kuyenda makosi ali gwaa, ndipo wapampando wa bungwe lawo, a Bang Deok-su, analamula kuti chitsitsidwe mpaka chifike pamene maso a munthu wokhala pansi amafika. Anakuta rimoti ndi pulasitiki kuti isade, n'kuiika m'thumba la jekete lawo, ndipo kuyambira tsikulo mutu wawo unakula pang'ono.

A Mal-sun atachiona chisikirinicho anakumbukira chinsalu chotambalala cha m'holo muja. Anaimbira foni mwana wawo wamkazi kumzinda wa Daegu, ndipo patapita masiku khumi kunafika chimbale cha filimu ija. Kutsutsa galu n'kukumba. Anauza aliyense kuti Lachinayi, akatha kudya nkhomaliro, asachoke.

Lachinayi nyumbayo inadzaza mpaka nsapato kusowa poika pakhomo. Dzuwa la masana linkawalira pa sikirini, choncho amayi anapachika mabulangeti awiri pazenera ndi zopanira zovala. Manachesi anaikidwa pakati, tiyi wa balere n'kumazungulira. A Mal-sun anavala bulauzi yawo ya ku maukwati ndi kukhala kutsogolo kwenikweni, msana uli chilili. A Jeom-rye anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, zomwe sizinali khalidwe lawo.

Filimu itangoyamba, a Wapampando anafwenthera. Chithunzi chinali chachitali cham'mbali, ndipo pamwamba ndi pansi pake panali mizere ikuluikulu yakuda.

"Izi ndiye ziti?" anatero. "Boma latipatsa sikirini yonse, ife tizionera theka? Malo onsewa angokhala opanda ntchito ngati munda wa mlesi?"

Anatulutsa rimoti, kudina apa, kudina apo, mpaka chithunzi chinafufuma n'kudzaza paliponse. Nkhope za osewera zinakula ngati maungu. Anthu anawomba m'manja, a Wapampando n'kubweza rimoti m'thumba mwaulemu wonse.

Panadutsa theka la ola anthu a mufilimu akulira ndi kutsanzikana pa siteshoni ya sitima. Kenaka msika unafika. Anthu anauzindikira nthawi yomweyo, ena n'kuyamba kuloza sitolo ya nsapato za mphira ndi mlatho wakale. Mnyamata wa mufilimu anadutsa pakati pa khamu, anaima, anatembenuka, anayankhula mawu awiri atatu, msika n'kutha. Panalibe beseni, panalibenso a Mal-sun.

Wina anatsokomola. Mayi wina wachifundo anasenda nachesi n'kuwaikira pabondo, ndipo chifundo chimenecho chinawapweteka a Mal-sun kuposa kusekedwa. Kwa nthawi yoyamba anadzifunsa ngati mwina analotadi. Nkhope inawatentha ndi manyazi, ndipo bulauzi ya ku maukwati ija inayamba kuwalemera.

"Basi, taona," a Jeom-rye anatero msangamsanga kuchokera kumbuyo. "Nkhani yatha. Tiyeni tione ngati awiriwa akwatirane."

Koma panali kanthu kamene kanawakola a Mal-sun m'maso. Chikwangwani cha wogulitsa mafuta chinaonekadi, koma chinali chodukira panjira. Iwo ankachidziwa bwino chikwangwanicho, poti anaima pansi pake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ndipo kumapeto kwake kunali chithunzi cha botolo. Botololo silinaoneke.

"A Wapampando, bwezani pamsika paja," anatero.

"Amayi, zavuta zavuta. Musadzivutitse."

"Ndati bwezani. Chithunzichi mwachidula."

"Ndachidula? Ine ndachikulitsa!"

"Mwachikulitsa, inde, ndiye cham'mbalicho chapita kuti? Mnyamata uja amayankhula ndi ndani? Tonse tangoona mphuno yokha ikusuzumira kumapeto. Kodi alipo amene amalemba ntchito mphuno yokha?"

Anthu anaseka, ndipo ena anavomereza kuti mphunoyo anaionadi. A Wapampando anagwira thumba la jekete ndi manja awiri. Anafotokoza kuti sikirini yaikulu imaonetsa zambiri, kuti zimenezo ngakhale mwana amadziwa, ndipo kuti kubwezera mizere yakuda ija n'kunyoza mphatso ya boma. A Jeom-rye anawathandizira ndi mawu okweza kuposa a eni ake.

"Musamumvere! Akatha apa adzati tigule sikirini yofika kumtsinje. Tiyi akuzizira, anthu inu!"

Amene anathetsa mkanganowo ndi mkazi wa a Wapampando. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, anapisa dzanja m'thumba la mwamuna wake ngati akutenga chenje chake, n'kutulutsa rimoti.

"Bambo inu, zaka makumi asanu ndakhala ndikuonera zimene mwasankha. Khalani pansi."

A Wapampando anakhala pansi. Mayiwo anadina batani lolakwika kawiri, mawu anakwera mpaka mazenera kunjenjemera, kenaka chithunzi chinafota. Mizere yakuda inabwerera, nkhope zinachepa, koma kumanzere ndi kumanja kunatseguka ngati wina wakankha makatani. Anabweza filimu mpaka pamsika. Mphuno ija inapeza mwini wake, bambo wa chipewa. Chikwangwani chinatambasuka mpaka pa botolo. Ndipo pansi pa botololo, kumapeto kwenikweni kwa chithunzi, panaima mtsikana wa khosi lalitali atasenza beseni la mbatata, akuluma mlomo kuti asaseke.

"Imitsani! Imitsani pomwepo!" anakuwa anthu anayi nthawi imodzi.

Chithunzi chinaima. A Mal-sun anakwawa ndi mawondo mpaka pafupi, n'kuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anali ataiwala kuti anali ndi masaya otero. Misozi inatsika yokha, koma pakamwa panali pakuseka, ndipo mtima unapepuka ngati atula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuchokera kuphiri.

"Ndi iyeyu! Makutuwo ndi omwewa!" anafuula mkazi wa a Wapampando. "Ndiye kuti kabokosi kathu kakale kaja kankamudula maulendo onse atatu!"

Nyumba yonse inasefukira kutsogolo. Amene dzulo ankati a Katswiri moseka, lero ankalumbira kuti iwo sanakayikepo n'kamodzi komwe. A Wapampando anavala magalasi, anayang'ana, n'kunena kuti n'chifukwa chake iwo analimbikira kuti sikirini itsitsidwe, kuti anthu aone bwino. Palibe anawatsutsa, poti tsikulo aliyense anali wokondwa.

Magalasi omwewo ndi amene anaona chachiwiri.

"Nanga uyu akusuzumira kumbuyo kwa besenili ndi ndani?"

Kuseri kwa phewa la mtsikana uja kunali nkhope ina yozungulira, pakamwa pali yasaa, maso ali pa mnyamata wa mufilimu ngati waona mngelo. Kumutu inali itamanga mpango wa maluwa akuluakulu. M'holo muja a Mal-sun anali atangodziyang'ana okha, moti nkhopeyi sanaione n'komwe. Tsopano anaiyang'ana bwino. Mpata wa pakati pa mano akutsogolowo ankaudziwa, chifukwa ankauona tsiku lililonse pamwamba pa mpanda wa nyumba yawo.

Onse anatembenuka. A Jeom-rye anali pakhomo, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja.

"Make Sang-cheol," anaitana a Mal-sun mofatsa. "Ukupita kuti?"

"Ndasiya nyemba pamoto."

"Bwera kuno."

A Jeom-rye anabwera, nsapato ikadali m'manja, nkhope itafiira ngati tsabola wouma. Mlandu suola. Anayang'ana sikirini kamodzi n'kubisa maso.

"Tsiku limenelo ndinawauza apongozi anga kuti amayi akudwala kwathu," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndinkangofuna kumuona mnyamatayo. Ndipo mpangowo ndi wawo, wa apongoziwo, ndinautenga m'bokosi osapempha. Akanadziwa akanandisenda wamoyo. Ndiye iwe utayamba kulengeza mudzi wonse kuti tikaonere, ine ndikanatani?"

"Apongozi akowo anamwalira zaka makumi awiri zapitazo!" anafuula a Mal-sun.

"Ndikudziwa! Koma ndinali nditakutsutsa kale zaka makumi awiri ndi zisanu. Ndikanayambira pati? Ndikanangodzuka m'mawa n'kunena kuti pepani anthuni, ndinaima kumbuyo kwake, mbatata zake zinkandigunda pachipumi?"

Chiseko chimene chinaphulika pamenepo chinagwetsa bulangeti limodzi pazenera. Agogo ena anagona chagada pansi pofunda paja, akupukuta misozi ndi mkono. A Mal-sun anafuna kukwiya, ndipo anali ndi chifukwa chokwanira, koma akayang'ana kamtsikana ka pakamwa poyasama kaja mkwiyo unkawathawa. Anali ana onse awiri, alendo m'mudzi wa eni, wina ndi beseni lolemera, wina ndi mpango wakuba, ataima mogundana asanadziwane n'komwe mayina.

Anagwira mnzawoyo pamkono n'kumukhazika pansi pambali pawo, kutsogolo kwenikweni.

"Ndakukhululukira," anatero. "Koma unene. Pamaso pa anthu onsewa."

A Jeom-rye anaika nsapato pansi, anakonza kukhosi, n'kuloza sikirini.

"Uyo ndi Pyo Mal-sun. Anaonekadi mufilimu. Ndinalipo, ndinamuona ndi maso anga."

A Mal-sun anatseka maso, akumvetsera mawuwo mpaka kumapeto. Kenaka anapendeketsa mutu, n'kuika dzanja kuseri kwa khutu.

"Khutu ili masiku ano likuvuta, mnzanga. Tabwereza, mokweza."

Ndipo a Jeom-rye anabwereza, mokweza kwambiri moti galu wa kutsidya kwa msewu anayamba kuuwa.