Khonde la Mayi Sabina

Luckness anakhala pa chitsa cha msuku, kope lili pamwendo, akuyang'ana maenje atatu amene anakumbitsa pamalo omangapo nyumba ya amayi ake ku Chezi. Awiri anatulutsa katondo wolimba. Lachitatu, chakumunsi, linatulutsa makande, dothi lakuda lija lotupa mvula ikagwa n'kung'aluka m'chilimwe.

Anali injiniya wozolowera kulamula amuna a zipewa zolimba ku Lilongwe, koma apa masamu anamukanira. Pamwamba pa tsamba analemba zimene ankafuna: simenti ichepe, khoma lisachite mng'alu. Pansi analemba chimene sankadziwa: makandewo akuyambira pati? Dothi lokokoloka kuphiri linakwirira zonse. Kuti asaike moyo pachiswe, maziko onse anayenera kuzama, ndipo matumba onse a simenti akanathera pansi. Khonde likanachoka pa pulani. Chikhalirecho khonde ndi chinthu chokhacho chimene amayi ake anapempha chisiyireni kuona.

"Wangoti zii bwanji?" anafunsa Mayi Sabina ali pamphasa.

"Khonde silitheka, amayi. Sindikudziwa pomwe dothi loipa layambira."

"Sukulu yonse ija?" Anaseka. "Tandifikitsa pa chitsapo."

Atachikhudza, anayamba kutsetsereka pang'onopang'ono akuwerenga mapazi, dzanja lili paphewa la mwana wawo.

"Ndalima mtedza muno zaka makumi atatu. Kuno unkazuka wonse." Anayendanso pang'ono n'kuima. "Kuyambira apa unkatsalira pansi, bambo ako n'kumakalipira khasu."

Luckness anachita mantha. Mapazi a munthu wosaona salembedwa mu lipoti, ndipo akalakwitsa, khomalo lidzang'alukira amayi ake omwewa. Komabe anatenga khasu nakumba yekha pamene panali chidendene chawo. Dzenje litafika m'chiuno, mbali ina inafiira, ina inada bii.

Anakumbanso ena awiri motsatira mzere umene amayi ake anamulozera, ndipo zinali chimodzimodzi. Misozi inamulengeza. Anatapa dothi lakudalo n'kuliika m'manja mwa amayi ake.

"Ndi lomweli, lankhanzali," anatero akulifikisa ndi zala.

Luckness anabwerera ku kope lake. Maziko akuya ankafunika pa ngodya imodzi yokha. Anawerengetsa kawiri, kenaka anajambulanso mizere ya khonde imene anali atafufuta.

"Amayi, khondelo liyang'ane kuti?"

"Kotulukira dzuwa, mwanawe. Ine sindiliona, koma lokha limandipeza."