Batani Lachiwiri

Bambo anasunga manambala a ana awo mufoni yam'nyumba yopanda chingwe potsata kubadwa kwawo: batani loyamba linali la wachisamba, lachiwiri la mnyamata, lachitatu la mzime. Mnyamatayo atamwalira, Lamulungu lililonse ankadinabe lachiwiri kuti amveko mawu ake ojambulidwa aja akuti, "Sindili pafupi, siyani uthenga."

Mpongozi wawo, poganiza kuti akuthandiza, anafufuta nambala ya malemuyo n'kuikapo ya mzime.

Lamulungu litakwana, bambo anakhala pampando wawo n'kudina lachiwiri. Foni inaitana kawiri, munthu n'kuyankha.

"Halo, adadi?" Anali mzime uja.

Bambo anayang'ananso batani limene anadina, n'kubwezera foni kukhutu.

"Adadi, mukundimva?"

"Ndikukumva, mwana wanga," anatero bambo. "Kungoti ndimafuna mchimwene wako."